Matepi a Atate

Kunchito anatseka pa 20 December, ndipo m'mamawa mwake ndinali kale m'basi yocoka ku Ndola. Pofika pa Intercity mvula inali itangokata. Minibasi ya ku Chawama inatitsitsa patali cifukwa mseu unali utasanduka dambo, conco ulendo ndinaumaliza nsapato zili m'manja, cikwama cili pamutu ngati munthu wopita kucigayo. Ndinali ndi milungu iwili yopumula, ndipo zofuna zanga sizinali zambili: kugona mpaka dzuwa litakwela, kudya nsima ya amai ndi ciwawa cotendela, ndi kutamba maseries amene ndinadzaza mu flash ndisananyamuke.

Caka ca 2024 mukucikumbukila nonse. Cilala cinaumitsa cimanga m'minda, madzi a mu Kariba anatsika, ndipo malaiti anasanduka mlendo wobwela anthu ali m'tulo, n'kucoka tambala asanalile. TV ya panyumba inangokhala cokongoletsa, amai anacita kuifunditsa kansalu koluka. Usiku anali kusiya swichi ya babu ili yoyatsa kuti malaiti akabwela atidzutse. Akangobwela, nyumba yonse inali kudzuka: wina ku aironi, wina kuchaja mafoni, ine ndi laputopu yanga. Batili yake ikadzala imakhala maola atatu, mwina ndi theka ngati wacepetsa kuwala. Ndiye kuti tsiku lililonse tinali ndi filimu imodzi ndi kacidutswa. Filimu ikakhala imodzi patsiku, munthu susankha mwacisawawa.

Maseries aja sindinawatambe n'komwe. Tsiku laciwili denga linayamba kudontha m'cipinda ca amai, ndipo posuntha katundu mphwanga wa zaka zisanu ndi zinai, mwana wa mlongo wanga, anakoka katoni ina pansi pa bedi. Anaitsegula, n'kutulutsa cinthu cakuda ca makona anai, n'kucitembenuza uku ndi uku kufuna pocilumikiza.

“Ankolo, ivi ni vicani? Ni ma power bank ya kudala?”

Anali matepi a atate. Matepi a vidiyo, aja akuluakulu a VHS, makumi awili ndi atatu. Pa iliyonse panali kapepala komata, ndipo pa kapepalapo panali dzanja la atate, zilembo zikuluzikulu zopendekela kumanzele: ENTER THE DRAGON. COMMANDO. GODS MUST BE CRAZY. SARAFINA. NERIA. Ndinali nditaiwala kuti atate anali kulemba conco. Nkhope yao ndimaiona pa cithunzi ca pakhoma tsiku lililonse ndikakhala kwathu, moti inaleka kundigunda mtima. Koma zilembo zija zinandikhalitsa pansi.

Atate anali makanika. Deki anaigula kwa mnzao wa kugalaja ine ndisanabadwe, ndipo ngakhale ma DVD atafika, aja a mafilimu asanu ndi atatu pa disiki imodzi, iwo sanaisiye. Anali kunena kuti disiki ikangokandika yatha, koma tepi ikaduka umailumikiza ndi seloteipi n'kupitiliza. Loweluka madzulo anali kutsegula deki ndi sikuludilaiva, n'kupukuta mutu wake ndi kansalu konyowetsa sipiliti, ife titazungulila ngati tikuona opaleshoni. Ana a mzele wonse anali kubwela. Ku video show ya pamsika anali kulipilitsa K500, ndalama yakale ija isanacotsedwe mazilo atatu mu 2013, imene lelo ndi 50 ngwee. Kwathu kunalibe malipilo. Lamulo linali limodzi: samba mapazi pampopi usanalowe. Ndipo amene wayamba kusimba zakutsogolo kwa filimu anali kutulutsidwa, ngakhale atakhala mwana wa mwini nyumba. Ine ndinatulukapo kawili.

Atate anamwalila mu 2009, ine ndili ndi zaka khumi ndi cimodzi. Malilo atatha, acibale anakhala pansi kukambilana, ife ana tinauzidwa kukasewela panja. M'mawa mwake panabwela Canter. Atate aang'ono, mng'ono wao wa atate wa kumudzi ku Katete, anaima pakhomo n'kumaloza. Anyamata anatulutsa sofa, filiji, TV, deki, bokosi la masipanala, wailesi, njinga, ngakhale makina osokela amene amai anagula okha ndi ndalama ya cilimba. Amai anakhala pamphasa pakona, atafunda citenge kumutu, osakamba kanthu. Katoni ya matepi inapulumuka cifukwa ca cinthu copanda pake: aneba anali ataibweleka mwezi umene atate anagonekedwa kucipatala, ndipo anaibweza Canter itapita kale. Tinatsala ndi mafilimu makumi awili ndi atatu, opanda cotambila.

Nkhani imeneyi panyumba pathu siikambidwa. Mlongo wanga akaiyamba, amai amapita kukayang'ana mbaula.

Tsiku lotsatila ndinajambula timapepala tonse tija ndi foni, n'kupita mutauni kufupi ndi City Market, kwa anyamata aja oika nyimbo ndi mafilimu mu flash. Amene ndinapeza anawelenga maina aja n'kuseka.

“Mudala, aya ni ya bakote. Mufuna kutamba na bambuya?”

Bruce Lee ndi Commando anali nao pafupi. Ena anacita kutumila mnzake foni. Ndinafafaniza maseries anga onse kuti malo apezeke.

Tinayamba ndi Enter the Dragon, tonse anai pamphasa, laputopu ili pa mpando, zenela titatseka ndi citenge kuti cithunzi cioneke. Mphwanga anadandaula mphindi khumi zoyamba. Ati cithunzi cili ngati cafumbi, ati anthuwa amacedwa kuyamba kumenyana, ati n'cifukwa ciani wina sangotuma foni kwa apolisi. Koma pofika pa cipinda ca magalasi cija, pamene Bruce Lee sadziwa kuti mdani weniweni ndi uti pakati pa zithunzithunzi, mwanayo anali atagwada, pakamwa pali pululu. Nditamuuza kuti munthuyu anamwalila mu July 1973 ali ndi zaka 32, filimuyi isanatuluke n'komwe, anakana. Madzulo ake ndinamupeza kuseli kwa nyumba akumenya mtengo wa mango ndi phazi, akulila ngati mphaka, ndendende mmene ife tinali kucitila.

Commando ndi filimu yopusa, ndipo ndimaikonda. Schwarzenegger amayamba atasenza cimtengo paphewa, amamaliza atapha gulu lonse la asilikali yekha, pakati pake palibe zambili zoganizila. Atate anali kuikonda cifukwa ca zolakwika zake. Anali kuimitsa tepi n'kutionetsa galimoto yacikasu imene yaphwanyika mbali, kenako n'kuonekanso ili bwinobwino. “Makanika wa kumeneko ndiye ndikufuna kumuona,” anali kutelo. Pamene malo aja anafika, ine ndi mlongo wanga tinakamba mau amenewo pamodzi, osapangana. Amai anaseka mpaka kutsokomola.

The Gods Must Be Crazy ndiyo inandivuta. Tili ana tinali kugubuduka nayo pansi: botolo la Coca-Cola logwa kucoka m'ndeke, Land Rover yopanda mabuleki, Land Rover yomweyo italendewela mumtengo. Pa mtengo paja ndinasekanso, sindinama. Koma tsopano ndinamva liu la mzungu wofotokoza uja, mmene amakambila za anthu a ku Kalahari ngati akukamba za ana aang'ono kapena nyama za mu paki. Filimuyi anaipanga Jamie Uys wa ku South Africa mu 1980, tsankho lili pacimake m'dziko lao, ndipo anthu akuda a mu boma ndi zigawenga amene amaonekamo onse ndi zitsilu. Kale sindinali kuona zimenezi. Ndinayesa kufotokozela mphwanga, iye anangoti, “Ankolo, mwayamba kusimba,” ndipo mwa lamulo la atate ndinayenela kutuluka.

Pa Khilisimasi tinadya mpunga ndi nkhuku, n'kutamba Sarafina. Amai sasamala za kuvina kwa ana a sukulu aja. Amadikila Miriam Makeba, amene amasewela ngati mai wake wa Sarafina, wanchito m'nyumba ya azungu, wolela ana a eni ake pamene ake akukula okha ku Soweto. Amai anagwilapo nchito yotelo ku Kabulonga zaka zinai atate atamwalila. Pamene zocitika za m'nyumba ija zinafika anangoti, “Yunifomu yanga inali ya buluu,” basi.

Foni inalila pa 27 December, amai akusenda nshawa. Anayankha, anamvetsela nthawi yaitali, n'kunena kuti, “Ndamva, alamu. Mufike bwino.” Titawafunsa, anati atate aang'ono akubwela pa 2 January. Maso awavuta, awauza kuti akaonane ndi madokotala kuno ku Lusaka, ndipo alibe pogona.

Mlongo wanga anaponya mbale pansi. Zimene anakamba sindingazilembe pano. Ine sindinakalipe, cifukwa ndine munthu wamantha pa mikangano. Njila yanga ndi yokhota. Usiku wa tsiku lotsatila, batili itatsala ndi theka, ndinaika Neria. Sindinaisankhe cifukwa cakuti inali yotsatila pamndandanda. Ndinaiika kuti iwakambile amai zimene ine ndinali kuopa kukamba.

Amene simunaitambepo, ifuneni. Ndi filimu ya ku Zimbabwe ya kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani yake analemba Tsitsi Dangarembga, anaitsogolela Godwin Mawuru, ndipo Neria ndi Jesesi Mungoshi. Oliver Mtukudzi, amene anatisiya mu January 2019, alimo ngati mlongo wake wa Neria, ndipo nyimbo ija mumaidziwa nonse, ngakhale amene simudziwa kuti inacokela mu filimu. Neria ndi mwamuna wake Patrick amagwila nchito m'tauni, amanga moyo wao pang'onopang'ono. Patrick amafa pangozi. M'bale wake, Phineas, amabwela kucoka kumudzi n'kuyamba kutenga zonse m'dzina la mwambo: buku la kubanki, katundu wa m'nyumba, galimoto, mpaka ana.

Amai Cizungu amacimva pang'ono, conco ndinakhala pafupi n'kumamasulila. Ndinali kuonjezela mcele, ndivomela. Phineas akakamba mau awili, ine ndinali kumupatsa asanu. Titafika pakati, amai anandigwila bondo.

“Leka. Ndikudziwa zimene akukamba. Ndinazimva m'Cinyanja.”

Ndinakhala cete. Tinatamba. Panja mvula inali kugwa pang'onopang'ono, m'cipinda madzi anali kudonthela mu beseni. Mphwanga anafunsa kuti n'cifukwa ciani bambo uyo akutenga zinthu za eni, ndipo palibe anamuyankha. Nkhope ya amai sinasinthe. Anapitiliza kusenda nshawa mumdima, maso ali pa laputopu, makoko akugwela m'lichelo.

Mnzake wa Neria atayamba kumulangiza zopita kwa maloya, ndinaona kuti mpata wanga wafika. Ndinaimitsa filimu n'kuyamba kuwaphunzitsa amai malamulo. Ndinawauza kuti Zambia ili ndi lamulo kuyambila 1989, Intestate Succession Act, lokamba za cuma ca munthu amene wafa osalemba wilo. Kuti pa 100 paliponse, 50 ndi ya ana, 20 ya mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ya makolo a womwalila, 10 ya ena amene anali kumudalila. Kuti nyumba ndi katundu wa m'nyumba ndi za mkazi ndi ana. Kuti mng'ono wa womwalila, amene ali ndi munda wake ndi banja lake, alibe gawo. Kuti pamene Canter ija inabwela, lamuloli linali litakhala kale zaka makumi awili. Ndinakamba ngati munthu amene watulukila cinthu.

“Ndinali kudziwa,” anatelo amai.

Anati azimai a kuchalichi anawauza mlungu womwewo. Anati tsiku lina anavala, n'kutenga kalata ya cikwati ndi makadi athu a kusikelo, n'kuyenda mpaka pa geti ya polisi kumene kuli a Victim Support. Anaima pamenepo, kenako anabwelela. Ambuya, amai ao a atate, anali moyo panthawiyo, ndipo anali kusungidwa ndi atate aang'ono omwewo. Kumanga mwana wao wotsala kunali ngati kuika malilo aciwili. Kumudzi kunali kutayamba kale kumveka kuti mkazi wa m'tauni ndiye wadya mwamuna. Ndipo pamsonkhano uja wina anakamba mau akuti ana amadwala, ana amafa, munthu azisamala. Kwathu kwa Acewa ana ndi a kucikazi, conco acibale a atate anali kuona kuti ife ndife a eni, ndipo katundu ndiye wao.

“Ndinayang'ana filiji, ndinayang'ana inu awili,” anatelo. “Ndinasankha.”

Mlongo wanga anati sizinali zoona, palibe akanatilodza. Amai anati mwina. Anati lelo akanapita, koma lelo ali ndi ana akuluakulu, tsiku lija anali ndi mphasa.

Kenako anakamba cinthu cimene sindinacimvepo. Filimu imeneyi anaitamba koyamba ndi atate, ali awili, m'nyumba yomweino, mlongo wanga ali kumsana. Itatha, amai anawauza atate kuti alembe pepala lonena kuti zinthu ndi za ana. Atate anaseka. Anati kulemba wilo ndi kuitana imfa. Anati zimenezo ndi za ku Zimbabwe, mng'ono wao anamulela okha, anamulipilila sukulu, sangacite zotelo. Atatelo anabweza tepi poyamba, n'kuiika mu katoni.

Ndinayang'ana tepi ija pathebulo, NERIA, zilembo zopendekela kumanzele. Masiku onsewo ndinali kuwakumbuka atate ngati munthu wa Loweluka madzulo, wa sikuludilaiva ndi nthabwala. Ndinali ndisanaganizepo kuti munthu amene anali kuona galimoto yacikasu itasintha mbali, munthu amene palibe colakwika ca mu filimu cinali kumudutsa, anatamba filimu iyi yonse mpaka kumapeto n'kusaona kanthu. Ndinawakwiyila usiku umenewo, koyamba m'moyo wanga, ndipo kukwiyila munthu wakufa n'kovuta cifukwa sayankha.

Ndinayatsanso filimu. Sinapite patali. Neria asanafike kukhoti, laputopu inalila kawili n'kuzima. Tinakhala mumdima.

“Ndiye mudzawalandila?” anafunsa mlongo wanga.

“Adzagona apa pamene panali sofa. Nsima adzadya. Ndi m'bale wa atate anu, magazi ake ali mwa inu, ine ndilibe nao.” Anakutumula makoko a nshawa pa citenge. “Filiji ndinaiwala, TV ndinaiwala. Koma makina anga osokela. Ndinadya cilimba miyezi khumi kuti ndigule makina aja. Ndifuna andiuze okha, ndi pakamwa pao, kumene anapita.”

Masiku otsatila tinatamba zopepuka. Osuofia in London, Mr Bones, ndi Home Alone pa New Year cifukwa mphwanga anaumilila. Neria palibe anaichulanso. Mlongo wanga anati pa 2 January adzapita kwa mnzake ku Kanyama, koma tsikulo litafika anakhala, akutsuka mapoto amene anali otsuka kale.

Ndine ndinapita kukawatenga pa Intercity. Ndinali kufuna munthu wamtali, wa jekete lacikopa, woloza ndi cala. Amene ndinapeza anali nkhalamba yowonda yokhala pa thumba la nshawa, nkhuku yomanga miyendo ili pambali, maso onse awili ali ndi ng'ala yoyela ngati mkaka. Sanandizindikile mpaka nditakamba. Atamva mau anga ananjenjemela, ati ndikukamba ngati akulu ao. Mu minibasi anandigwila dzanja njila yonse, ndipo potsika pa matope paja ndinacita kuwauza poponda. Ndinali nditakonza mau ambili ku Ndola, ngakhale zaka zambili m'mbuyomo. Onse anathela pa “apa pali madzi, atate, dumphani.”

Amai anawalandila pakhomo, anagwada pang'ono monga mwa mwambo, anafunsa za kumudzi, za mvula, za odwala. Anapha nkhuku ija. Atate aang'ono anadya pang'ono, akufufuza mbale ndi zala. Maso ao osaonawo anali kuzungulila m'nyumba, sindidziwa ngati anali kufuna kuona zimene zilimo kapena zimene mulibe. Za makina osokela amai sanafunse. Ndinadikila pa cakudya, ndinadikila atasamba m'manja, palibe.

Cha m'ma 19 hours babu inayaka. Komboni yonse inakuwa, monga imacitila malaiti akabwela nthawi yabwino. Mphwanga anathamanga kukacotsa kansalu pa TV, n'kubwela ndi flash m'manja.

“Ankolo, tisilize ija ya amai ba ku Zimbabwe. Sitinaone ku court.”

Ndinamuyang'ana ndi diso loti akhale cete. Mlongo wanga anaima pakhomo la kukhichini, poto ali m'manja. Ndinayamba kunena kuti kuli Jackie Chan amene sitinatambe.

“Ika imene mwana wanena,” anatelo amai. “Koma uyambile poyamba. Alamu sanaione.”

Ndinaika. Nyimbo itayamba, atate aang'ono anapendeketsa mutu, n'kumwetulila, ati uyu ndi Mtukudzi, akulu ao anali kumukonda. Anasendeza nkhope kufupi ndi TV, n'kubwelela.

“Ine ndikungoona zithunzithunzi, mlamu. Ikamba za ciani?”

Amai anakoka kampando kao n'kukhala pambali pao, lichelo la nshawa lili pamiyendo.

“Khalani bwino, alamu. Ndikumasulilani ndine.”